Galasi Likakana Kukwera: Kukonza Makina Opukusira Magalasi pa Galimoto Zakale

 Nkhani yathu lero ili m'kati mwa chitseko cha galimoto, malo amene eni galimoto ambiri sanasuzumiremo chigulireni. Ndikunena za makina aja amene amakweza ndi kutsitsa galasi mukamapukusa handulo ndi dzanja, pa galimoto zakale zopanda mabatani a magetsi.

Amene munakwerapo Peugeot 504, Datsun, Nissan 1400 kapena Volkswagen ija timaitcha chikumbu, mawu awa si achilendo kwa inu: "Chonde osatsitsa galasi limenelo, likatsika silikweranso." Mukayang'ana pachitseko mupeza sikuludiraiva kapena kathabwa atakhomera pakati pa galasi ndi labala kuti lisagwe. Kwina handulo inatsala imodzi yokha, ndipo imayenda m'manja kuchoka chitseko ichi kunka chitseko icho. Galimoto yotere itha kukhala ndi injini yolira bwino, penti wowala ndi matayala atsopano, koma mu Okutobala pa msewu wa ku Chikwawa okweramo amapsa, ndipo mvula ya Januwale ikagwa amanyowa. Zimandiwawa kuona galimoto imene mwini wake waitayira ndalama zambiri ikunyozeka chifukwa cha tizitsulo timene mmisiri wodekha angakonze ndi tupa ndi girizi.

Ndinene maganizo anga poyera kuyambira pano. Makina amenewa sakonda kufa okha. Chimawapha ndi njira zimene galasi limayendamo zikauma ndi kudzaza fumbi, ndipo dzanja la mwini galimoto limamaliza ntchitoyo pokakamiza. Amene agula makina ena n'kuwamanga m'chitseko chomwecho osakhudza njirazo, watayanso ndalama. Ndipo makina akale aja, a chitsulo chochindikala, nthawi zambiri ndi oyenera kukonzedwa osati kutayidwa.

Galimoto zoyambirira zokhala ndi magalasi m'mbali zinatengera nzeru ku ngolo za akavalo ndi mabogi a sitima yapamtunda. Galasi linkamangiriridwa ku lamba wachikopa wa mabowo. Ukafuna mpweya unkamasula lambayo, galasi n'kutsikira m'chitseko. Ukafuna kutseka unkakoka n'kukoleka bowo pa kamsomali. Mu 1926 Max Brose wa ku Germany analembetsa luso lake la makina opukusira galasi, ndipo mu 1928 fakitale yake ku Coburg inayamba kuwapanga ambirimbiri. Chachikulu pa luso lakelo chinali kabuleki ka sipuling'i kamene kamagwira galasi pamalo alionse pamene dzanja lasiyira, ndipo kabuleki ka mtundu umenewo kakadali m'zitseko zathu mpaka lero. Magalasi oyenda okha anabwera msanga, pa Packard ya ku America mu 1940, koma kwa zaka zambiri anali a anthu olemera. Ena opanga galimoto anawazemba makinawa: Land Rover zakale zija za Series zinali ndi magalasi okankhira chammbali, Mini nayonso mpaka 1969. Koma galimoto zambiri zimene zinadzaza misewu ya kuno kwathu zinali zopukusa. Chikumbu chinapangidwa ku Uitenhage ku South Africa kuyambira 1951 mpaka 1979. Kapikiapu ka Datsun 1200, kamene kanadzakhala Nissan 1400, kanapangidwa m'dziko lomwelo kuyambira 1971 mpaka 2008. Peugeot 504 inatuluka ku France mu 1968, ndipo ku Kenya ndi ku Kaduna ku Nigeria anapitiriza kuilumikiza mpaka zaka za m'ma 2000. Choncho makina ali m'zitseko zimenezi ena apitirira zaka 40, ena 50, ndipo ambiri akuyendabe ndi girizi amene anapakidwa ku fakitale.

Tsono m'chitsekomo muli chiyani? Pa galimoto zambiri muli mbale yachitsulo yomangidwa ndi mabawuti. Handulo imene mumagwira imazunguza kagiya kakang'ono ka mano ochepa. Kagiyako kamaluma mano a giya ina yaikulu, imene si yozungulira yonse koma chigawo chabe, ndipo giya yaikuluyo ndi yolumikizana ndi mkono wautali. Kumapeto kwa mkonowo kuli kagudumu, kapulasitiki kapena kachitsulo, kamene kamayenda mu ngalande yogwira galasi kunsi. Pa zitseko za magalasi aatali mikono imakhala iwiri yopingasana pakati, amisiri amati makina a sizasi, ndipo mkono wachiwiriwo ndiwo umaletsa galasi kupendekeka. Pamene mkono waukulu umazungulirapo pali sipuling'i yafulati yokulungidwa, yamphamvu ndithu. Galasi likamatsika sipuling'iyo imakungika, likamakwera imabweza mphamvuyo. N'chifukwa chake pa galimoto imene ili bwino ngakhale mwana amakweza galasi lolemera ndi dzanja limodzi.

Kutsogolo kwa galasi, kumbuyo ndi pamwamba kuli njira za labala wokutidwa ndi kansalu kaubweya, ndipo pakamwa pa chitseko pali timalabala tina topala madzi. Zimenezi ndizo zimayamba kutha. Dzuwa limaumitsa labala. Fumbi la m'chilimwe limalowa mu ubweya uja, dzinja likafika fumbilo limasanduka matope, chitsulo chili kuseri kwa njirayo chimachita dzimbiri n'kutupa, mpata wa galasi n'kuchepa. Galasi limayamba kulimba. Woyendetsa amawonjezera mphamvu pa handulo, mwina dzanja linalo akukoka galasi pamwamba, ndipo mphamvu yonseyo imathera pa mano awiri kapena atatu amene akulumana panthawiyo. Amene amavutika kwambiri ndi mano akumapeto, ogwira ntchito galasi likamafika pamwamba, chifukwa tonse potseka timakanikiza kotsiriza kuti mphepo isalire. Akabaza amadziwa mmene mano a giya ya njinga amathera: amayamba kusongoka, kenako amapendekera mbali imodzi, pomaliza tcheni chimangolumpha pokwera chitunda. M'chitseko zimayenda chimodzimodzi.

Musanamasule kanthu, imvereni kaye galimotoyo ndi dzanja ndi khutu. Handulo ikamazungulira mopepuka galasi osasuntha, yambani kukayikira handuloyo. Zambiri ndi za chitsulo chofewa kapena pulasitiki, ndipo timizere ta m'kati mwake timatha msanga kusiyana ndi ta kachitsulo kamene imavalapo. Apa ndi pamene ambiri amawonongera zinthu, pomanga pulayala pa kachitsuloko n'kumapukusira. Pulayala imadya timizere tija, ndipo handulo yatsopano ikadzapezeka sigwiranso. Mukamva kuti kha! kha! pamalo amodzimodzi, makamaka galasi litatsala pang'ono kutseka, amenewo ndi mano akulumphana. Galasi likamatsika lokha pang'onopang'ono pa msewu wa mabampu, vuto lili pa kabuleki kaja, kapena sipuling'i yaikulu yathyoka. Likamapendekera kutsogolo n'kukakamira, kagudumu kasweka kapena katuluka mu ngalande yake. Koma likamalimba kuyambira pansi mpaka pamwamba popanda phokoso lililonse, thokozani, chifukwa makina akadali amoyo ndipo mwafika nthawi yabwino.

Ntchito imayamba ndi kuchotsa handulo, ndipo zambiri zimathyoka pomwepa chifukwa cha phuma. Pa galimoto zambiri za ku Japan handulo imagwidwa ndi kawaya kopindika kobisika kuseri kwake. Lowetsani kansanza pakati pa handulo ndi chikuto cha chitseko, kokerani uku ndi uku, kawayako kadumpha kokha. Phimbani ndi dzanja, chifukwa kakagwera mu udzu simukapezanso. Pa Morris Minor ndi pa chikumbu cha zaka zisanafike 1968, mumakankhira m'kati kambale kali kuseri kwa handulo, mumaona kapini kopingasa, n'kukatulutsa ndi msomali wowonda. Pa chikumbu chapambuyo pake pali sikuluu pansi pa kapulasitiki kokuta handulo. Chikuto cha chitseko ndi cha bolodi lopyapyala limene lamwa chinyezi zaka zambiri, choncho kanganulani pafupi ndi kogwirira kalikonse, osati kukoka pakona. Kuseri kwake mukapeza pepala la pulasitiki lomatidwa pachitseko, lichotseni mosamala n'kulisunga.

Foni yanu igwire ntchito pano. Jambulani zonse mmene zakhalira, ndipo zunguzani mutu wa bawuti iliyonse ndi cholembera musanaimasule, chifukwa mabowo ena ndi aatali dala kuti makina azisunthika powalinganiza. Valani magolovesi ndi malaya a manja aatali, pakuti m'mphepete mwa zitsulo za m'kati mwa chitseko ndi makuthwa. Kwezani galasi, limangeni ndi tepi yolimba yodutsa pamwamba pa chitseko, kenako lilekanitseni ndi makina.

Tsopano yesani chinthu chimene ndimachiona chofunika kuposa zonse. Masulani tepi ija, gwirani galasi ndi manja awiri, likwezeni ndi kulitsitsa m'njira zake popanda makina. Liyenera kuyenda mosalala, logwira pang'ono koma osakakamira. Ngati mukuchita kulimbana nalo, mwapeza amene anadya mano a giya. Njira zikakhala kuti zangoda, zitsukeni ndi madzi a sopo ndi burashi yakale yotsukira mano, zisiyeni ziume, kenako poperanimo mafuta a silikoni. Oilo wakuda wochokera mu injini asafikemo: amatupitsa labala, amaitana fumbi, ndipo amadetsa galasi nthawi iliyonse likakwera. Zikakhala kuti ubweya unatha ndipo labala akusweka mukamupinda, gulani zina. Zilipo zogulitsidwa pa mita zolowa pa galimoto zosiyanasiyana, koma yezani kaye kuchindikala kwa galasi ndi kukula kwa ngalande, ndipo tengani kachidutswa kakale popita kukagula. Musanaike zatsopano palani dzimbiri m'ngalandemo n'kupakamo penti. Pa galimoto zokhala ndi kagalasi kakang'ono kotembenuka kutsogolo, chitsulo chimene chimagawa magalasi awiriwo ndichonso njira ya galasi lalikulu, ndipo chikasuntha pang'ono pansi pake chimalipana.

Galasi lenilenilo lisamaleni. Magalasi ambiri a m'mbali anawotchedwa ku fakitale kuti alimbe. Pankhope amapirira, koma mukagunda m'mphepete ndi chitsulo amaphulika n'kukhala timiyala tambirimbiri, ndipo galasi lotere silidulika kapena kubooleka. La galimoto ya 1970 simulipeza pa shopu iliyonse. Mukalitulutsa liikeni pa bulangete. Yang'ananinso ngalande yachitsulo imene imaligwira kunsi, chifukwa ndi mmene madzi amakhala. Ikadyeka ndi dzimbiri, galasi limavuka makina n'kumayenda okha. Lembani pagalasi pamene ngalandeyo inayambira ndi pamene inathera musanaichotse. Poibwezera pamafunika labala wopyapyala pakati pa galasi ndi chitsulo. Chidutswa cha chubu chimagwira ntchito, mutachinyowetsa ndi madzi a sopo, ndipo mumakhoma pang'onopang'ono kudzera pa thabwa, m'mphepete mwinamo mwa galasi mutatsamira pa chofewa.

Makina akatuluka m'chitseko, mvetserani bwino, chifukwa apa anthu amavulala. Sipuling'i yaikulu ija imakhala itakungika, ndipo chimene chikuigwira ndi kagiya kakang'ono ndi kabuleki kake basi. Mukachotsa kagiyako mkono umabwerera mwamphamvu, ndipo mikono yopingasana ija itha kudula chala. Choncho pukusani kaye mpaka mkono ufike pamene umakhala galasi litatseka, pomwe sipuling'i yachepa mphamvu. Kenako panani mbale ndi giya yaikulu pamodzi pa vaisi, kapena lowetsani bawuti pabowo lodutsa zonse ziwiri, musanaboole riveti ngakhale imodzi. Jambulaninso mmene sipuling'iyo yakhalira. Mukaibwezera motembenuza, izithandiza galasi kutsika m'malo mokwera.

Vikani makinawo m'palafini kapena dizilo, kwechani ndi burashi mpaka chitsulo chioneke. Girizi wa zaka zambiri wosakanikirana ndi fumbi amauma gwa, ndipo makina ena amene amaoneka akufa amadzuka pongowatsuka. Akayera, gwedezani mfundo iliyonse ndi dzanja. Mano salumphana chifukwa cha kutha kokha ayi. Amalumphananso magiya awiriwo akatalikirana. Riveti ya pakati ikakhwefuka, kapena bowo limene kagiya kamazunguliramo likakula, kapena mbale ikapindika ndi kukakamiza kuja, kagiya kamangoluma nsonga za mano. Wowotcherera mano osakonza kukhwefukaku adzatsegulanso chitseko pakangopita miyezi. Riveti yokhwefuka pang'ono imalimba poiika pa chitsulo cholemera n'kuikhoma mutu ndi hamala ya mutu wobulungira, pang'onopang'ono, mukuyesa kuti mfundo ikuyendabe. Bowo likakula kwambiri, boolani riveti ichoke, pitani kwa mmisiri wa makina osemera zitsulo akupangireni kabushi ka mkuwa, ndipo mangani ndi bawuti ndi nati ya mtundu uja wosamasuka wokha. Musamange mpaka mfundo kuuma. Bawutiyo idulidwe ikhale yaifupi, chifukwa m'chitseko mpata ndi wochepa ndipo yaitali imakanda galasi. Timagudumu tosweka tisinthidwe nthawi yomweyo. Topyapyala kapena tokula kuposa ngalande timabweretsa kupendekeka komwe kuja.

Tifike pa mano, pomwe pagona luso lenileni. Giya yaikulu sikutha yonse. Kumapeto kumodzi mupeza mano ochepa atafupika kapena atathyoka, koma ena onse ali bwino, ndipo abwinowo ndiwo aphunzitsi anu. Ikani kalata kopyapyala pansi pa mano abwinowo, lembani mmene akhalira ndi msomali wosongoka, dulani kalatako motsata mzerewo, ndipo mwapeza muyezo. Chotsani sipuling'i ndi chilichonse cha pulasitiki musanayandikire moto, pakuti sipuling'i ikatentha imafooka osabwereranso. Palani malo owotchererawo mpaka awale. Panani giyayo pa chidutswa chochindikala cha kopa, chifukwa zowotcherera sizimamatira pa kopa, ndipo kopayo amamwa kutentha. Chitsulochi n'chopyapyala, choncho ndodo yaikulu ndi moto wambiri zimangochiboola ndi kuchipinda. Pamafunika ndodo yowonda ndi moto wochepa: kadontho pa dzino ili, kudikira lizizire, kadontho pa dzino linalo, mpaka onse akwere kupitirira pang'ono msinkhu wake wakale. Mukamaliza musaviike m'madzi. Chisiyeni chizizire chokha, chifukwa chitsulo chozizira mwadzidzidzi chitha kuuma mpaka tupa kukana kuluma, kapena kuchita ming'alu.

Kenako salazani mbali zonse ziwiri kuti giya ibwerere pa kuchindikala kwake, ikani muyezo uja pamwamba, ndipo tengani tupa ya makona atatu. Apa palibe chidule. Dzino limodzi, yesani ndi kagiya. Dzino lina, yesaninso. Pakani inki ya cholembera pamano, zunguzani kagiya, ndipo pamene inki yachoka ndi pamene pakadali patali, palani pomwepo. Dzanja likamapukusa osamva kusiyana pakati pa mano akale ndi atsopano, ntchito yatheka. Amisiri owotcherera a ku Ndirande mu Blantyre kapena ku Biwi ndi ku Mchesi mu Lilongwe, amene amapanga mageti ndi mafelemu tsiku ndi tsiku, ali nawo manja a ntchito imeneyi. Inu eni galimoto, chimene muyenera kuwapatsa ndi nthawi. Kuwotcherera n'kwa mphindi zochepa, koma tupa imadya maola, ndipo maola amenewo ndiwo oyenera kulipiridwa bwino. Mukam'thamangitsa mmisiri kuti mukufuna galimoto masana omwewo, adzasema mano ndi chopalira zitsulo cha magetsi, adzatuluka osalingana, ndipo adzadya kagiya kakang'ono. Kagiya kameneko n'kovuta kukakonza. Kakatha, njira yabwino ndi kupeza kena pa makina a galimoto yakufa.

Kabuleki ka Brose kali m'kachikho kachitsulo kuseri kwa handulo. M'katimo muli sipuling'i yawaya yozungulira imene imakanikiza khoma la kachikhoko. Mukapukusa handulo, mbali iliyonse, kachitsulo kamakankha nsonga ya sipuling'iyo kuti inyale, imasiya khoma, kagiya n'kuzungulira. Koma mphamvu ikachokera ku galasi, kaya ndi kulemera kwake kaya ndi dzanja la wakuba akulikankhira pansi, sipuling'iyo imatambasuka n'kuluma khoma zolimba. Ndi nzeru yosavuta koma yokongola. Nsonga ya sipuling'i ikathyoka, kapena khoma likasalala ndi kutha, galasi limatsetsereka lokha. Kachikhoko n'komangidwa ndi mariveti. Boolani, tsukani, ndipo sipuling'i yothyoka isinthidwe ndi ina ya makina ofanana, osati kuwotcherera. Girizi apakidwemo wochepa.

Si galimoto zonse zili ndi mikono ndi giya yaikulu. Chikumbu cha kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1960 chili ndi waya wolimba wokulungidwa ndi waya wina mozungulira, woyenda m'kapaipi kong'ambika mbali imodzi, ndipo kagiya ka handulo kamaluma mizere ya wayayo. Matenda ake ndi girizi wouma m'kapaipimo, kapaipi kophwanyika kapena kokanuka, ndi mizere yodyeka pamene kagiya kamakonda kuluma. Kutsuka ndi kuwongola kapaipi kumachiza zambiri, koma waya wodyeka sakonzeka. Fiat 124 ndi Lada zili ndi chingwe chawaya chokulungidwa pa kang'oma n'kudutsa pa timagudumu. Pamenepo mangani chingwecho pa kang'omako ndi kawaya musanamasule kanthu, chifukwa chikasombololoka kuchikulunganso bwino n'kovuta, ndipo chikayamba kutuluka tizingwe tothyoka chisintheni.

Pofuna makina ena, m'mashopu a sipeyala ndi pa intaneti amawatcha window regulator. Koma pali chinthu chimene chingakupindulitseni. Ku Malawi, ku Zambia, ku Zimbabwe, ku Mozambique ndi ku South Africa timayenda kumanzere kwa msewu, woyendetsa amakhala kumanja, choncho makina amene amatha msanga ndi a chitseko chakumanja. Ku Germany, ku France ndi ku America woyendetsa amakhala kumanzere. Ndiye kuti makina akale a chitseko chakumanja ochokera kumeneko anali a wokwera chabe, ndipo kawirikawiri sanagwire ntchito yambiri. Poitanitsa nenani kuti kumanja kapena kumanzere, musanene kuti mbali ya dalaivala, mungalandire osalowa. Pa galimoto yakufa ya konkuno, yang'anani zitseko zakumanzere ndi zakumbuyo. Ngakhale makina onse asalowe pa chitseko chanu, kagiya, sipuling'i ya kabuleki ndi timagudumu nthawi zina zimafanana; ziikeni pamodzi ndi zanu muyerekeze musanalipire. Makina atsopano opangidwa motsanzira akale aliponso, ena abwino, ena a chitsulo chopyapyala. Agwireni m'manja pamodzi ndi akale, ndipo ngakhale mugule, akalewo musataye.

Ena amafunsa za kuika magetsi. Ine pa galimoto yakale sindilimbikitsa. Zida zambiri zoterezi zimangovala pa kachitsulo ka handulo komweko, ndiye mota imakankha mano omwe aja. Dzanja limamva galasi likalimba n'kuleka, mota simva, imangokankha mpaka china chithyoke. Chikumbu chakale kwambiri chili ndi magetsi a mavoti 6 amene ngakhale nyali amaziyatsa movutikira. Ndipo galasi lopukusa limatseguka batire itafa, ngakhale galimoto italowa m'madzi magetsi n'kuzima, chinthu chimene woyenda misewu yodutsa mitsinje m'dzinja sangachipeputse.

Pobwezera, pakani girizi pa mano, pa mfundo zonse, pa sipuling'i yaikulu ndi mu ngalande ya timagudumu. Girizi woyera wa lithium ndi wabwino, koma wamba wa mabering'i amagwiranso. Musanatseke, suzumirani pansi pa chitseko. Pali timabowo totulutsira madzi, chifukwa chitseko cha galimoto chinapangidwa kuti madzi otsika ndi galasi alowe n'kutulukira pansi. Timabowoto tikatsekeka ndi matope, madzi amaima m'katimo n'kumadya makina ndi chitseko chomwe. Tokosani ndi kawaya, tulutsani dothi lonse ndi timagalasi takale ngati tilimo. Lowetsani makina, mangani mabawuti molekeza, lumikizani galasi, ndipo pukusani mpaka litseke n'kukhala bwino m'njira yake yapamwamba. Pamenepo ndi pamene mumalimbitsa mabawuti, mukuyang'ana zizindikiro munalemba zija. Likwezeni ndi kulitsitsa kangapo, kenako thirani ndowa ya madzi pagalasi kunja muone ngati akutulukira pansi. Matani pepala la pulasitiki lija pamalo pake. Ngati linang'ambika dulani lina, pakuti ndilo limateteza bolodi kuti lisavunde. Pa handulo ya kawaya, valikani kawayako pa handulo kaye, kenako kankhani mpaka ilire kuti tha. Iikeni moti galasi likatseka chogwirira chisagunde bondo, ndipo za mbali zonse ziwiri ziloze kofanana. Magalasi a zitseko zakumbuyo muziwapukusa nawonso sabata iliyonse ngakhale kulibe wokwera, kuti girizi aziyenda ndipo njira zisaume.